Chikhomo Chachinayi

Chipasula,
Lilongwe.
Okutobala.

Achimwene anga a Greenwell,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu anga kunyumbako. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Chifuwa chija chinkakuvutani nthawi ya chisanu chinaleka, kapena mukungolimba nacho osapita kuchipatala monga mwa khalidwe lanu? Ine kuno ndilipo, thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Ndachita dala. Pa foni inu mumayankha ngati munthu amene waponda moto, eya, eya, chabwino, basi mwadula. Zimene ndili nazo sizofunika kuthamangira. Kalatayi ndipatsira Salama, mtsikana wa kutsidya uja amene amabweretsa mbatata ya kachewere kumsika kuno, ndipo ndamuuza kuti ayipereke m'manja mwanu. Muyiwerenge mutakhala pansi, ndipo ikakukwiyitsani pakati musayiponye, mufike nayo kumapeto.

Kuno kwatentha koopsa. Fumbi la ku Chipasula simungalithawe, limalowa ngakhale mumphika wovindikira. Madzi pampopi amabwera akafuna okha, ndiye zidebe zimangokhala pamzere kudikira. Mphwanu Chisankho, mwana wanga, ntchito yake ya fodya ku Kanengo inatha pamene nyengo yogulitsa inatsekedwa, pano akuthandiza mnzake wowotcherera zitsulo ku Biwi. Wakula, ndevu zamera, ndipo akamayenda ndimaona inu. Ine malonda anga a tomato ndinachepetsa chifukwa sindingathe kuchoka pakhomo nthawi yaitali.

Za alamu anu a Yona, amuna anga, munamva kuti anadwala, koma sindikhulupirira kuti munamva zonse. Anagwa m'mawa wina m'mwezi wa Meyi akumanga zingwe za nsapato. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mkono wamanja ndi mwendo wamanja zinafa, ndipo lilime linalemera. Munthu amene ankakwera phiri osapuma, lero kuti afike pakhonde timachita kumugwira awiri. Adokotala anandiitanira pambali ulendo wathawu wa kuchipatala, n'kundiuza mosabisa kuti mtima wawo wafooka, ndipo matendawa akabweranso kachiwiri mwina sadzadzuka. Chakudya akudya pang'ono kwambiri. Malaya awo onse akula.

Anthu amene andigwira mkono ndi aneba athu, a Yakubu akalipentala ndi akazi awo a Hanifa, ochokera ku Mangochi. A Yakubu anatenga mpando wathu wakale n'kuuika mateyala a njinga kuti tizitha kuwatulutsa panja. A Hanifa amabwera ndi phala la mpunga, ndipo sachoka mpaka ataona kuti supuni zingapo zalowa. Si abale athu, ngakhale kopemphera timasiyana, koma achita zimene sindidzaiwala.

Tsopano ndiloleni ndikumbe nkhani imene tonse takhala tikuilambalala zaka zonsezi.

Ntchito ya alamu anu simunaimvetse, ndipo sindikudabwa, chifukwa nanenso titangokwatirana ndinkaiseka. Ankayenda m'madambo a m'tsinde mwa mapiri, kuja kumene madzi otsika m'phiri amanyowetsa nthaka chaka chonse. Akafika ankatambasula tepi yopimira, kenako n'kuyala pansi felemu ya mapaipi anayi oyera, yaikulu ngati kathebulo. Akatero ankagwada, n'kumapatula udzu ndi zala, kulemba chomera chilichonse chimene chili m'kati mwa felemuyo, kuti udzu uwu ndi wanji, watenga malo aakulu bwanji, nanga pansi pake pabisala chiyani. Chimene sanachidziwe ankazulapo chimodzi n'kuchipanikiza pakati pa nyuzipepala ndi matabwa kuti chiume, akachifufuze ku ofesi. Mawondo a mabuluku awo onse anali akuda, ndipo ndinatopa nawo kuchapa.

Ankandiuza kuti zomera sizimera chisawawa. Dawe ali ndi anzake amene amakhala nawo ponyowa, tsekera ali ndi ake kumtunda pouma, ndipo pakati pawo pali ena amene safuna madzi ambiri komanso safuna ludzu. Chimodzi chikachoka, zinzake zimayamba kutsatira. Koma kuti munthu adziwe amene wachoka ndi amene watsala, ayenera kubwerera pamalo omwewo patapita zaka, osati pafupi ndi pamenepo ayi, koma pomwepo penipeni. N'chifukwa chake ankakhoma zikhomo zachitsulo m'ngodya zinayi za malo amene apima. Ntchito ya zikhomo inali yomweyo basi.

Dambo lathu la kunsi kwa phiri analikonda kuyambira tsiku limene ndinapita nawo kukawaonetsa kwathu. Anati sanaonepo chinaka chamitundu yambiri pamalo amodzi ngati paja, chija amayi ankakumba n'kutiphikira tili ana. Patapita zaka anafuna kupimapo. Inu nthawi imeneyo munali ku esiteti ku Kasungu. Poti mkamwini sayankhula ndi apongozi maso ndi maso, ndine ndinapita kukawapemphera kwa malemu amayi. Ndinawapeza akusenda mbatata pakhonde. Anaseka mpaka mpeni unagwa, n'kunena kuti akamwini a anzawo amagwadira apongozi, koma wawo amagwadira udzu. Anati apite akakhome, dambo silitha ndi zitsulo zinayi.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Munabwerako chaka chimene kunali mphekesera zoti anthu a m'tauni akupima malo m'midzi n'kumagulitsa. Munapeza zitsulo za mitu yofiira m'dambo la mbumba yanu, ndipo mutafunsa munamva kuti wakhoma ndi mkamwini. Munatiitanitsa mwachangu, ife n'kumabwera mitima ili m'mwamba poganiza kuti kwagwa zovuta. Tinapeza anthu atakhala kale pansi pa mango a kwa malume. Munaponya zitsulo zija pamapazi pa alamu anu, matope ali momwemo, n'kunena kuti mkamwini ndi mlendo, sakhoma chikhomo pamudzi pa eni.

Iwo anayesa kufotokoza. Anthu anaseka, wina n'kufunsa kuti ndi munthu wanji angawononge mafuta kuchokera ku Lilongwe kudzawerenga udzu. Amayi ananena kuti analoleza ndi iwo, inu munati akalamba ndipo apusitsidwa. Ine nditayankhula munati banja landitseka m'maso. Alamu anu sanakweze mawu. Anatola zitsulo zija, n'kuzipukuta matope ndi kampango kawo, anawomba m'manja kutsanzika, ndipo tinakwera minibasi ya madzulo omwewo.

Achimwene, ine sindikuti munalibe chifukwa. Malo anthu analandidwadi m'midzi ina, ndipo inu munasiyiridwa udindo wosunga alongo anu ndi ana awo. Mukanaona zitsulo n'kungokhala chete, bwenzi anthu akuti Greenwell wagona. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma sindikunamizani kuti sizinandiwawe. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe, chifukwa munthu amene munamutcha wakuba pamaso pa anthu sanatengepo ngakhale dzungu limodzi kumudziko osapempha.

Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso m'dambomo. Pa maliro a amayi anabwera, munawaona. Anakhala kumapeto kwa amuna, ndipo pochokera kumanda ndinawaona ataima pa chulu chija cha kumtunda kwa dambo akuyang'ana kumunsi, manja kumbuyo. Ndinawauza kuti atsike akangoona, palibe amene angawaletse tsiku ngati limenelo. Anakana, n'kunena kuti amene anawaletsa ndi mwini mbumba, ndiye wowaloleza akhalenso yemweyo. Mumadziona ngati wouma mutu ndinu nokha, koma mlamu wanu mukulingana naye.

Malo ena onse amene anapima, ku Ntchisi, ku Dzalanyama ndi kwina, anabwererako. Kangapo ankabwera madzulo ali wolefuka, n'kundiuza kuti pamene panali dambo apeza maenje a njerwa, kapena kabichi, zikhomo zitazulidwa kalekale. Sankatukwana munthu. Ankati anthu akufuna kudya, ndipo udzu sudyedwa. Dambo la kwathu lokha ndi limene analipima kamodzi osalionanso, ndipo sankalitchula n'komwe.

Chimene chandipangitsa kulemba ndi ichi. Atatuluka m'chipatala ankangokhala pakhonde kuyang'ana mpanda, misozi ikutsika yokha. Tsiku lina ndikusesa kunsi kwa bedi ndinapeza felemu ija, mapaipi atamangidwa ndi lamba wa mphira pamodzi ndi zitsulo zija munazula. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinailumikiza n'kukayiyala kuseri kwa bafa, pamene madzi osamba amadutsa popita ku ngalande, poti ndi pokhapo pamene pamamera zobiriwira pakhomo pano. A Yakubu anakankha mpando mpaka pamenepo.

Munthu amene ankalephera kupempha madzi akumwa anawerama, n'kuloza ndi dzanja lamanzere, ndipo mawu anatuluka. Anatchula chisoso, bonongwe, kapinga, khovani. Anatchula ndi mayina aatali aja a m'mabuku, lilime likukokakoka koma osaphonya. A Yakubu anavula chipewa n'kuyamika Mulungu m'chiyankhulo chawo. Ine ndinaseka ndikulira, n'kuwauza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwaphikira, koma dzina langa lawathawa pamene la khovani alisunga. Anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, koyamba chidwalireni.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinkapita kuseri kwa bafa. Ankaona chimene chaphuka, chimene nkhuku zajompha, ndipo chakudya chinayamba kulowako. Koma nyumba ya lendi ndi ya eni ake. Sabata yathayi tinapita kukaonana ndi adokotala kuchipatala, ndipo pobwera tinapeza alandilodi atapalira pabwalo ponse, ati thengo limaitana udzudzu ndi njoka. Sindingawadzudzule, sankadziwa. Pamene panali timasamba tija panatsala dothi lofiira ndi mizere ya khasu.

Alamu anu anayang'ana dothi lija nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti ayambanso kulira, koma ayi. Anandikodola, n'kutambasula zala zinayi za dzanja lamanzere. Kenako anapinda chimodzi, chachiwiri, chachitatu, n'kusiya chimodzi chili chiimire pamaso panga. Ndinafunsa ngati akufuna mankhwala, anapukusa mutu. Ndinafunsa ngati akunena Chisankho, poti ndi mwana mmodzi yekha amene tili naye, anapukusanso. Analoza m'nyumba mpaka ndinatulutsa zitsulo zija n'kuziyika pamiyendo pawo. Anazikhudza chimodzichimodzi, ndipo ndipamene ndinaona chimene sindinachione zaka zonsezi. Zitsulo zinali zitatu.

Anati, “Chatsala. Kudambo.”

Achimwene, munazula zitatu. Chachinayi simunachipeze, ndipo iwo anaona tsiku lomwe lija pansi pa mango, koma sananene kwa wina aliyense, ngakhale kwa ine. Zina zonse ndazitola pang'onopang'ono masiku ano, liwu limodzi lero, lina mawa, kwina akujambula ndi chala pa fumbi. Ngodya imodzi inagwera pofewa, ndiye pokhoma chitsulo chinamira mpaka mutu wake unalingana ndi matope. Akuti ngati chilipobe, malo onse aja akhoza kupezekanso, chifukwa tepi inkachokera pa chikhomo chimenecho kulunjika ku mwala wong'ambika uja wa paphiri. Chikhomo chimodzi n'chokwanira kubwezera zinzake m'malo mwake.

Salama wandiuza kuti madimba akwera kwambiri chaka chino, afika kale pafupi ndi mtengo wa katope, ndipo Mwayiwathu, mwana wa mng'ono wanga Maness, akufuna kutipula mbali yotsalayo mvula isanagwe. Sindikumuletsa mwanayo kulima. Wakwatira, ali ndi pakamwa poti adyetse, ndipo ine amene ndikudya mbatata yochokera m'madimba omwewo sindinganyoze khasu. Koma akakumba ngalande pamenepo, madzi atsika, chinaka chithawa, ndipo chikhomo chija chizulidwa ndi munthu wosadziwa n'komwe kuti n'chiyani.

Pempho langa ndi limodzi, ngakhale lili ndi miyendo iwiri. Pitani kudambo panopa pamene moto wadutsa ndipo udzu ndi waufupi. Muyambire pa katope, muyang'ane ku mwala wong'ambika, muyende mpaka pamene nthaka imayamba kunjenjemera mukaponda. Mufufuze ndi phazi kapena ndi ndodo. Mukachipeza musachizule. Muuzeni Mwayiwathu asiye kachigawo kozungulira pamenepo, kokula ngati bwalo la nyumba basi, mpaka mvula ithe. Ine ndine mwana wamkazi wa pamudzipo, ndipo chichokereni sindinapemphepo ngakhale mzere umodzi wa munda. Ngati pakufunika kuti kachigawoko kakhale ndi mwini, nenani kuti ndi ka Veronica. Chaka chamawa akafuna adzalime, sindidzayankhula.

Mwendo wachiwiri ndi umene ukundilemera kulemba. Chinaka chimachita maluwa mu Januwale ndi mu Febuluwale, mvula ikakhazikika. Ndikufuna ndibwere nawo alamu anu nthawi imeneyo, ngati Mulungu atawasunga. A Yakubu ali ndi mnzawo wa galimoto amene wavomera kutifikitsa mpaka pasukulu, ndipo mpando wa mateyala ukhoza kufika pa chulu. Koma kuchokera pa chulu kutsikira m'dambo, mukudziwa nokha, teyala silingayende m'matope muja. Pafunika munthu woti awabereke kumsana.

Chisankho wanena kuti awabereka yekha, ndipo mphamvu ali nazo. Bambo ake akana. Ndinawafunsa ngati akufuna Mwayiwathu kapena anyamata ena a pamudzi, anakananso. Ndinadziwa amene akumufuna, koma ndinafuna ndimve kuchokera pakamwa pawo. Anavutika nalo dzinalo, thukuta mpaka kutuluka pamphumi, koma analitchula lonse. Ndi lanu.

Sikuti akufuna mudzapepese. Ine ndimawadziwa, mukadzayamba zopepesa adzachita manyazi kuposa inu. Madzi akatayika sawoleka, ndipo zaka zimene zapita palibe angazibweze. Akungofuna kuti amene anawatulutsa m'dambomo akhale yemweyo wowalowetsa, anthu akuona, kuti asapite ndi dzina la wolanda malo kumudzi kwa mkazi wawo. Akufunanso aone ngati zomera zimene anazilemba tsiku lija zikadalipo. Mwina adzapeza zatha, ndipo ndawauza kuti akonzekere zimenezo. Anagwedeza mutu, n'kundionetsa ndi dzanja kuti ngakhale zitatha, akufuna adzaone ndi maso awo.

Ndili ndi mantha, achimwene. Ndimaopa kuti Januwale ali kutali kwambiri kwa munthu amene akuchepa tsiku ndi tsiku. Ndimaopanso kuti mudzawerenga kalatayi n'kuyipinda, n'kunena kuti za udzu zomwezija zayambanso. Mukakana sindidzakutukwanani, mudzakhalabe mlongo wanga. Koma ine ndi amene ndidzayenera kukhala pamphepete pa bedi n'kuwauza, ndipo sindikudziwa kuti ndidzayambira pati. M'mawa uliwonse akamva geti ikutseguka amatembenuza mutu, poganiza kuti ndi Salama wabwera ndi yankho, chonsecho kalata sinanyamuke n'komwe.

Musavutike kulemba, ndikudziwa kuti cholembera chimakulemerani kuposa thumba la mbatata. Mukachipeza chikhomocho, ingondiimbirani n'kunena kuti chilipo. Mukatero dulani foni monga mumachitira, ine ndidzamva zonse.

Mundiperekere moni kwa alamu anga akazi anu, muwauze kuti nyemba zija anatumiza zinatithandiza kwambiri. Moni kwa Maness ndi amuna ake, kwa Mwayiwathu ndi mkazi wake, ndi kwa adzukulu onse amene sindinawaonebe. Azakhali a kuseri kwa tchalitchi muwauze kuti ndimawakumbuka, ndipo atiyike m'mapemphero. Chisankho akupereka moni kwa amalume ake.

Ndisanatseke ndawawerengera alamu anu kalata yonseyi, ndipo pena anatseka maso, pena anagwedeza mutu. Nditamaliza ndawafunsa ngati pali mawu awoawo oti ndiwonjezere. Anakweza mkono wamanzere, n'kuuyang'ana mmene waondera, ndipo ananena mawu awa, amene ndikulemba monga momwe anatulukira.

“Uwauze alamu asaope. Ndapepuka.”

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Veronica, amake Chisankho.